Makala a m'nthaka

M'Chichewa mulibe liwu la kaboni, ndipo kusowa kwa liwu limodzi lomwelo n'kumene kunandidyera mwayi.

Nditamaliza digiri ya zaulimi, sukulu ina yakunja inandilonjeza malo a maphunziro apamwamba. Inkafuna kaye ndionetse kuti kusiya mapesi m'munda kumachulukitsa kaboni m'nthaka. Ndinabwerera kwathu ku Kabwazi, mayi n'kundipatsa munda wa kunsi kwa phiri. Kwa zaka zingapo sindinatenthemo kanthu. Mapesi ankawolera pomwepo, odutsa n'kumaseka kuti mtsikana wasukulu anakaphunzira ulesi.

Amalume, eni mbumba yathu, anandifunsa tsiku lina: "Iwe, chimene ukusakasaka m'dothimu n'chiyani?"

"Amalume, tingoti makala obisika m'nthaka. Akachuluka, munda umakhala wachonde."

Anagwedeza mutu, ine n'kumati amva.

Chilimwe china mphunzitsi wa kusukuluko anabwera kudzatenga dothi lokapima, ndipo ndinapita ku Linthipe kukamuchingamira. Pobwerera tinaona utsi tili patali. Mayo ine! Munda wonse uli bii, zikhomo zanga zopimira zasanduka phulusa, amalume ali chilili pakati ndi chikuni m'manja, akumwetulira.

"Si unkafuna makala? Taona, makala okhaokha! Ndati mlendo asapeze munda wauve. Ndi mbewa zomwe tapha, akadyere."

Mphunzitsi uja anatapa dothi, kulifikisa m'manja, n'kunena kuti pepani, kafukufukuyu ngofunika kuyambiranso. Kuyambiranso! Ngati kuti zaka amagula pamsika. Malo a maphunziro aja akusukulu anapatsa wina, ndipo uthenga wondikana unali waulemu kwambiri moti unandinyansa.

Tsiku la moto lija ndinafuna kukuwa, koma mayi ananditsina pankono. Mwana sakalipira amalume ake, makamaka pamaso pa alendo. Mlendo atapita, mayi anandituma kukathokoza amalume, poti akuluakulu anataya tsiku lawo lonse pa munda wanga. Ndinagwada n'kunena kuti zikomo amalume.

Lero ndimagulitsa kachewere ku Chimbiya, kuthamangira maminibasi ndi chidebe kumutu. Mkwiyo sunathe, sindibisa ayi. Amalume akatsika kudzagula mchere amaima pamalonda anga, n'kuuza anzanga monyada kuti, "Uyu ndinamuthandiza ine pa za sukulu zake." Kenako amatembenukira kwa ine, nkhope ili gwa, alibe ndi chinyengo chomwe.

"Nanga akusukulu aja akuitana liti?"