Aberber ako ndiwamaliza, Mubita

Lero chakwana chaka chitisiyireni, Mubita mnzanga. Amayi ako andipatsa laputopu yako, ndipo ndapezamo ntchito ija unaisiya pakati, yoika Aberber a kumpoto kwa Afirika mu gemu ya nkhondo imene tinkaisintha tokha. Ndakumbuka Loweruka lina masana tili pakhonde kwanu ku Libuyu. Ine ndinati, "Bwanji osangowaphatikiza ndi Aluya? Ndani angazindikire?" Unandiyang'anitsitsa, kenako unati, "Iwe, munthu atalemba ati Alozi na Atonga ni mtundu umodzi, ungakhale chete? Awa ali na chilankhulo chawo, zilembo zawo, ndipo eni ake amadzitcha Amazigh." Tsiku lomwelo unandipatsa ntchito yojambula ngamila zawo. Zinatuluka ngati mbuzi, iwe n'kuseka mpaka misozi.

Asilikali apakavalo unawamaliza, midzi ya m'mapiri ilimo, koma mbiri yawo inathera pakati pa chiganizo. Makodi sindiwadziwa ngati iwe, ndipo ndilakwitsa kambiri, koma sindisiya. Ndayamba kale kuwerenga zimene unasunga zija. Tsiku limene anthu adzayambe kuisewera, dzina loyamba kuliona lidzakhala lako. Gona bwino, m'bale wanga.