Mbaula ya M'chikuta

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene mlongo wanga Tiyamike anabadwa, m'mwezi wa Juni, chisanu chitafika pachimake. Tinkakhala ku Kawale m'nyumba ya lendi, ya malata, pansi pake pa simenti. Ife ana tinkapita kusukulu milomo itang'ambika, miyendo itatuwa ngati tagona paphulusa.

Agogo, amayi awo a amayi, anabwera kuchokera ku Dedza kudzasamalira chikuta, masiku aja mayi ndi khanda amabindikira mpaka mchombo utagwa. Anali mlimi wa kachewere, mayi wamphamvu, wosazolowera kutsutsidwa. Atangofika anatchinga zenera ndi chiguduli, mpata wa pansi pa chitseko anatsekapo sanza, kenako analowetsa mbaula. Kwawo moto wa m'chikuta suzima, ndipo utsi umatulukira m'udzu wa denga. "Makala ndiye abwino," anatero. "Alibe ndi utsi womwe."

Bambo anali kalipentala ku Biwi, munthu wosalankhulalankhula. Pokhala mkamwini, sankayang'anizana ndi apongozi awo. Akakumana pakhomo, wina ankapatuka. M'chikuta ndiye sankayenera kupondamo n'komwe.

Loweruka masana anaweruka msanga, nandituma kukapereka sopo kuchipindako. Ndinapeza amayi atatsamira khoma, akudandaula kuti mutu ukuwang'amba. Agogo ankasinza chokhala. Mwana anali zii, ndipo amayi anati sanayamwe kuyambira m'mawa. M'kanthawi komweko inenso ndinamva chizungulire. Nditawauza bambo, anavula chipewa n'kuima pakhomo paja, milomo ikugwedezeka. Ndikhulupirira ankapemphera. Kenako anakankha chitseko, ananyamula mbaula n'kukaitula pabwalo, nabwereranso kudzathothola chiguduli pazenera.

Mphepo itawaomba, agogo anadzidzimuka.

"A Phiri! Mwapenga kodi? Mwamuna m'chikuta? Mukufuna chibayo chitiphere mwanayu?"

Bambo anatuluka, nagwada kunja kwa khomo, maso ali pansi.

"Ndalakwa, amayi, ndipo nkhuku yopepesera ndipereka. Koma mbaula iyi m'nyumba muno silowanso."

"Ana anga onse ndinawalera ndi moto. Inu mwalerapo angati?"

"Denga lakumudzi limapuma, amayi. Malatawa sapuma. Chaka chatha mlonda wa pafupi ndi shedi yathu anadzitsekera m'kanyumba kake ndi mbaula. Bokosi lake ndinakhoma ndine."

Amayi anadzikoka n'kukhala pakhomo pomwe pankadutsa mphepo. Tonse tinkayang'ana kamtolo kanali m'manja mwawo. Patapita nthawi Tiyamike analira, kenako anayamba kuyamwa. Kwaya ndaimbamo zaka zambiri, koma nyimbo yokoma ngati kulira kumene kuja sindinaimvepo.

Agogo anamanga katundu wawo, nati mawa akwera basi, ndipo mwanayo akazizidwa mlandu ukhala pa mkamwini. Sankanama za chisanucho. Dzuwa likangolowa simenti inkaluma mapazi, ndipo bambo ankadziwa kuti kutulutsa moto si kutha kwa nkhani.

Madzulo omwewo anatola njerwa pa chipupa chakugwa cha kuseri, nandionetsa kuziwotcha pambaula panja, kuzikulunga m'matumba akale, ndi kuziika kumapazi kwa amayi. Imeneyo inakhala ntchito yanga. Bulangete lawo ndi jekete lakutchalitchi anapereka kuchipindako, iwo n'kumafunda ziguduli pabalaza. Amayi anadula mkono wa juzi yanga yakale n'kusokera mwana kachipewa, ndipo ankagona naye pachifuwa, mkati mwa zovala. Pomaliza bambo anakhomera kathabwa pafelemu ya zenera kuti lisamatsekeke lonse, ngakhale wina alikoke ndi mphamvu.

Basi ija agogo sanakwere. Sanapepese, ndipo nkhuku analandira ndithu. Koma tsiku lina ndikuchokera kusukulu ndinawapeza pabwalo atawerama pambaula, akutembenuza njerwa ndi kamtengo.

"Iwe, umangoziika pamoto n'kuuluka zako," anatero osandiyang'ana. "Iyi sinatenthe mkati. Bambo ako aja anakuphunzitsa zotani?"

Tiyamike lero ali ndi ana ake ku Area 25. Ine chichokereni mayi wa ana anga, Mulungu atawatenga, ndimalera ndekha ku Area 23. Juni akafika ana amandichonderera kuti mbaula ilowe pang'ono chabe, ndipo ndimawamvera chisoni, chifukwa kuzizira kwa nyumba yopanda mayi ndimakudziwa. Agogo sindiwaweruza: anatseka zenera lija chifukwa cha chikondi, ndipo chikondi chomwecho chikanatimaliza. Chimene ndinaona kwa bambo n'chakuti munthu angathe kugwada koma osagonja. Choncho ndimatulutsa mbaula, ndimawotcha njerwa, ndipo pazenera lathu pali kathabwa.