Dzina la pa Chigubu cha Mkaka

Ndikukumbukira khofi limene atate anandiwomba ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo mpaka lero sindinapepese.

Sukulu ndinali nditailekera giredi faifi, koma matenda owerenga sanandileke. Ndinkawerenga matumba a feteleza, kumbuyo kwa maminibasi a ku Kanakantapa, ngakhale pepala lokulungira vitumbuwa. Kawerengedwe kakenso kanali ka ng'ombe yokoka ngolo m'matope: chilembo chimodzichimodzi, milomo ikugwedera. Kunyumba ankanditcha Hedimasitala.

Chaka chimenecho chimanga chinachita bwino, ndipo atate anafuna ng'ombe ya mkaka. Anaiona kwa mkulu wina wa ku Palabana amene tonse tinkati Atate ake Joyce. Kwathu dzina la wamkulu silitchulidwa, timamuitanira mwana wake, moti atate sankalidziwa n'komwe. Ine ndinkalidziwa, chifukwa linalembedwa ndi penti yofiira pa chigubu cha mkaka chimene mkuluyo ankamangirira panjinga: EZEKIYA TEMBO.

Woyendetsa malondawo anali Ba Mulenga, bambo wa tayi wochokera ku Lusaka, amene ankati akumanga pa puloti yatsopano. Anauza atate kuti mwini ng'ombe wavomera mtengo, nawapatsa nambala ya akaunti yotumizirako ndalama.

Tinapita atatu kwa ejenti wa banki pamsika wa Chongwe. Mtsikana wa m'kanyumba ka ejentiyo analowetsa nambala ija, kenako anatembenuzira foni kwa atate.

"Onani zina, ba tate. Nitume?"

Atate ndi zilembo sankamwerana madzi. Anangovomera ndi mutu. Koma ine ndinali nditasolola kale khosi.

"Pu... re... Precious Banda," ndinawerenga mokweza.

"Iwe, choka apo," anatero Ba Mulenga. "Ni bakazi bao."

"Si zina yao iyi," ndinatero.

"Uziba chani iwe, giredi faifi?"

A pamzere anaseka. Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Mufana, tili na nchito ise!" Koma ine ndinaphimba foni ija ndi dzanja, n'kukuwa kuti msika wonse umve:

"Mwine wa ng'ombe ni Ezekiya Tembo! Ezekiya!"

Mwana kutchula dzina la wamkulu lili lamaliseche, lopanda ngakhale "ba", pamaso pa anthu! Khofi linandipeza ndisanaphethire. Khutu linalira ngati belu la kutchalitchi.

"Menyani futi, Tate," ndinatero misozi ili chuchuchu, "koma kwanja sinichosa."

Mtsikana uja anandiyang'ana, n'kuyang'ananso atate. "Ngati simunasimikize, ine sinituma. Ikayenda, kuibweza ni nkhondo."

Atate anabweza ndalama zija m'thumba la mkati mwa jekete. Ba Mulenga anati akagule kaye tokotaimu ya m'foni, abwera manje-manje. Tikuwadikirabe.

Ku Palabana tinapeza Atate ake Joyce akutsuka chigubu chomwe chija. Atamva nkhaniyo anapukusa mutu. "Precious? Mukazi wanga ni umozi chabe, ndipo anikwanila." Ba Mulenga anali atangofikako kamodzi, kufunsa mtengo ndi kujambula ng'ombeyo.

Tinaigula tsiku lomwelo, dzanja ndi dzanja. Pobwerera, chingwe cha ng'ombe chili m'manja mwanga, atate sananene kuti pepa. Anangoti, "Koma zina ya bakulu sibaitaya monga mwala." Ng'ombeyo atate anaitcha Precious, ndipo inatisunga zaka zambiri.

Lero ndine bambo, ndipo nanenso dzina langa linamira. Amanditcha Atate ake Mapalo. Mwambowo ndimaulemekeza. Koma ndinaphunzira kuti pamene anthu aulemu amatsitsa maso, ndi pomwe wakuba amaimika njinga yake. Choncho foni ikandionetsa dzina ndisanatumize ndalama, ndimaliwerenga mokweza, chilembo chimodzichimodzi, milomo ikugwedera ngati kale. A pamzere amadandaula. Adandaule. Khofi ndinalipira kale.