Mmene ndinatchukira ndi kumana ku Kaduya

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi azakhali anga. Anati aphunzitsi ena a pasukulu ya kwathu ku Kaduya, Mayi Nyirenda ochokera ku Rumphi, akufuna mtsikana. Ine ndinkati n'zochapa ndi kuphika basi, osadziwa kuti ntchito yeniyeni inali mapiritsi.

Mayiwo ankadwala matenda a mitsempha omwe madokotala ankangowatchula kuti MS. Ndi matenda onyenga. Lero mwendo wachita dzanzi, diso likuona chifunga, mwezi wamawa munthu akuyenda ngati sanadwalepo. Nesi wa ku Blantyre, komwe tinkatenga mankhwala, anandichenjeza: "Akapeza bwino m'pamene uwagwire. Mapiritsiwa ngotchinga, akasiya adzagwanso."

Choncho m'mawa uliwonse akamwa phala ndinkawapatsa piritsi ndi kapu ya madzi, n'kuima pomwepo mpaka ameze. Anadzuka ndithu, n'kubwerera kukalasi. Kenako anati, "Bweretsa botololo, Esnati, sindine mwana." Ndikanatani, bwana ndi bwana.

Komatu mudzi uli ndi maso. Anthu anawaona mayiwo atanyamulidwa, tsopano akuwaona akuyenda, ndiye mbiri inawanda kuti kwa aphunzitsi kuli mankhwala oyendetsa. Achikulire onse a nyamakazi anayamba kubwera, wina ndi nandolo, wina ndi chinangwa, ndipo ankadikira kuti ine ndipite kumjigo. Ine n'kumasangalala kuti anthu akutikonda. Kupusa kwake!

Tsiku lina ana asukulu anandithamangira kuti aphunzitsi agwa pabolodi. Ndinawapeza atakhala pansi, choko chikuwapulumuka m'dzanja, mwendo wakumanzere sukumva kanthu. Titafika nawo kunyumba ndinagwedeza botolo lija. Zii.

"Anthu amenewa anandinyamula ndili chigonere," anatero mayiwo akulira. "Ine mlendo kuno, ndikanawamana bwanji?"

Ndinapsa mtima. Ndili mkati mofuna galimoto yopita nawo kuchipatala, anatulukira a Namacha, nkhalamba ya kuseri kwa tchalitchi, kathumba ka nandolo kali m'manja.

"Odi kuno! Tauzani mayi andionjezereko, aja anali ofooka. Bondoli silinasinthe."

Mulungu andikhululukire, ndinaiwala kuti ndi akulu. Ndinawauza kuti miyendo ya mayi aidya ndi iwowo, ndipo bondo lawo akalionetse kuchipatala ngati anthu ena onse. Nandolo yemweyo ndinawabwezera.

Kuchokera tsiku limenelo botolo ndinkalimanga pansonga ya chitenje changa, kumjigo n'kumapita nalo. Mudzi wonse unanditcha womana, ena mpaka moni anasiya kundipatsa. Dzinalo ndinalilandira, chifukwa ndinaphunzira kuti wodwala wamtima wabwino amafunika munthu pambali pake womukanira.

Mayi Nyirenda anabwereranso kukalasi, koma ndi ndodo. Mwendo uja amaukoka mpaka lero, ndipo a Namacha akutsimphinabe ngati kale.