Anawakhazika kumbuyo kwa fokolifiti chifukwa ndi onenepa

Lachiwiri lapitali ndinanyamula munthu wothyoka mwendo pa kagalimoto kamene ndinachita hayala kuti kanyamule matailosi. Mpaka lero mtima sunatsike, ndiye mundikhululukire ngati kalembedwe kanga kakumveka ngati munthu wokalipa pamsewu. Ndakwiyadi.

Ndinapita ku shedi ina yaikulu yogulitsa zomangira cha ku Maselema, kukatenga matailosi a kanyumba kanga ka ku Machinjiri kamene kakundimeretsa imvi. Anandiuza kuti ndidikire kaye chifukwa anali kutsitsa katundu pa thiraki. Ndinaima pamthunzi n'kumaonerera.

Ankatsitsa ndi fokolifiti. Kwa inu amene simunaionepo, ndi kagalimoto kakafupi kokhala ndi mano awiri achitsulo kutsogolo. Kamalowetsa manowo pansi pa katundu n'kumukweza m'mwamba. Woyendetsa anali a Fulansisi, bambo wa ku Nsanje amene tinkapemphera limodzi ndikukhala ku Zingwangwa. Atapumira pang'ono ndinapita kukawapatsa moni, ndipo ndinaona kuti pafupi ndi chiwongolero pamatidwa tepi yakuda.

"Apapa pasweka?" ndinafunsa.

"Ayi mkulu, ndi kagetsi kofiira. Kamasokoneza," anatero a Fulansisi akuseka. "Mashini atsopanowa ndi amantha. Angomva kulemera pang'ono ayamba pii, pii, pii, kenako akana kukweza. Ndiye anyamata a zamagetsi anadumphitsa waya. Pano amamvera bhobho."

Anazinena monyadira, ngati munthu amene wachiza matenda ovuta.

Ndifotokoze pang'ono zimene anadumphitsazo. Fokolifiti ili ngati sikelo ya pamsika. Matayala akutsogolo ndiwo pakati pa sikeloyo: kutsogolo kuli katundu, kumbuyo kuli chitsulo cholemera chimene anaikirako dala. Katundu akaposa chitsulocho, kumbuyo kumanyamuka, ndipo akakwezedwa m'mwamba zimafika poipa msanga. N'chifukwa chake mafokolifiti a masiku ano ali ndi kakompyuta kamene kamamva kulemera kwa katundu, kutalika kumene wafika, ndi mmene galimotoyo yapendekekera. Kakaona kuti zinthu zikupita kolakwika kamalira, kamayatsa getsi lofiira, kamachepetsa liwiro pokhota, ndipo pena kamakaniratu kukweza. Ntchito yake ndi imodzi basi, kuuza munthu kuti apa tigwa.

Ndiye ife tinakatseka pakamwa.

Posakhalitsa a Fulansisi analowetsa mano pansi pa mulu wina waukulu wa matailosi, ndipo matayala akumbuyo anayamba kunyamuka. Ndinkayesa autsitsa kuti augawe pawiri. Ayi ndithu. Kapitawo wa pamenepo, bambo wovala chisoti choyera mbee, anangowomba m'manja.

"Maheve kumbuyo! Changu, thiraki ina ikudikira!"

Amuna atatu anasiya zimene ankachita n'kukwera pa chitsulo chakumbuyo chija. Palibe anadabwa, palibe anafunsa. Zinaonekeratu kuti ndi zatsiku ndi tsiku, ndipo aliyense amadziwa kuti "maheve" ndi ndani: aganyu amene ali ndi matupi. Pakati pawo panali Che Yusufu, bambo wa imvi m'ndevu wochokera ku Ndirande, amene anakwera movutikira atagwira chipewa chawo kuti chisagwe. Anzawo anawaseka: "Che Yusufu okha ndi matumba awiri a simenti!" Iwonso anaseka nawo. Akanatani?

Pa chitsulo chimenecho palibe mpando, palibe chogwirira, palibe poponda. Sanachipangire munthu.

Fokolifiti inanyamuladi mulu uja, n'kuyamba kubwerera m'mbuyo katundu ali m'mwamba kuposa mutu wa munthu. Inakhota pamalo potsetserekera ku ngalande. A Fulansisi anaponda mabuleki, kumbuyo konse kunanyamuka, matailosi anatsetsereka n'kugwa pansi ngati bingu. Katundu atachoka kutsogolo, kumbuyo kuja kunabwerera pansi mwamphamvu. Awiri aja anali atadumpha kale. Che Yusufu anagwa chagada, ndipo mwendo wawo unapezeka pansi pa tayala.

Mukudziwa kumene kapitawo anayamba kuthamangira? Ku matailosi. Ndinamuona ndi maso angawa atagwira m'chiuno, akuyang'ana zidutswa, munthu akukuwa kumbuyo kwake.

Galimoto ya pakampani inali itachoka, ndiye tinawagoneka Che Yusufu pa makatoni m'kagalimoto kanga ka hayala. Njira yonse yopita kuchipatala sanatukwane munthu. Ankangotchula dzina la Mulungu, thukuta lili kamukamu, kenako anandigwira dzanja.

"Achimwene, mwendo uwu asakadule. Ine ntchito yanga ndi kunyamula. Ndilibe ina."

Ndinawafunsa chifukwa chimene amavomerera kukwera pamalo oopsa chotero. Anandiyang'ana ngati ndafunsa za chibwana.

"Ukakana lero, mawa pageti sakuloza. Anthu ofuna ganyu ndi ambiri, achimwene."

Apa ndiye pali mkwiyo wanga. Anthu akhala akundiuza sabata yonse kuti inali ngozi. Ngozi yake iti? Ngozi ndi chinthu chimene chakudzidzimutsa. Apa makina ankadziwa, ndipo ankanena tsiku lililonse mpaka tinawadula lilime. Amene anadumphitsa waya ankadziwa. Amene anamata tepi ankadziwa. Munthu amene amaitana anthu atatu kuti akhale kumbuyo wavomereza kale ndi pakamwa pake kuti katunduyo waposa mphamvu ya galimoto. Chimene sankadziwa ndi tsiku lokha, ndi dzina la amene adzagwe.

A Fulansisi sindikuwachotsa pa mlandu, ngakhale ndimawadziwa kuti si munthu woipa mtima. Woyendetsa aliyense amaphunzitsidwa kuti katundu umayenda naye ali pansi, pafupi ndi nthaka, sukhota ali m'mwamba, ndipo sunyamula munthu paliponse pa fokolifiti. Lamba wawo wapampando anali womangidwa kumbuyo kwa msana, iwo atakhalira, kuti makina aziyesa kuti amanga. Tsiku limenelo fokolifiti ikanagwera cham'mbali, bwenzi tikunena za maliro awiri.

Koma tisanamizane kuti vuto ndi a Fulansisi okha. Khalidwe limeneli ndi lathu tonse, ndipo timalitcha nzeru.

Kwerani minibasi ya ku Bangwe kapena ya ku Chilomoni, muyang'ane kutsogolo kwa dalaivala. Mupeza kagetsi kochenjeza kataphimbidwa ndi chithunzi cha timu ya mpira, mwinanso ndi vesi. M'nyumba zathu, magetsi akamazima okha chifukwa mawaya akutentha, sitifunsa chimene chikutentha. Timaitana mnyamata wa pa kona kuti amange kawaya kokhuthala, kuti zisamazimenso. Akamaliza timamuyamikira kuti ndi katswiri. Chinthu chikatichenjeza, ife timachiona ngati chamwano. Timakonza kulirako, vuto lenileni n'kulisiya lili gone.

Ena anena kuti wolemba m'nyuzipepala ngati ine sadziwa ntchito, mathiraki sadikira. Chabwino. Kugawa mulu uja pawiri kukanatenga nthawi yochepa kuposa imene anatha akusesa zidutswa za matailosi. Ndipo ngakhale zikanatenga tsiku lonse, kodi thiraki yodikira imamva kuwawa? Ili ndi ana ku Ndirande?

Chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti eni malo amenewa anagula makina abwino, okhala ndi zonse zotetezera anthu. Akabwera alendo amawaonetsa monyadira. Kenako amalola kuti chitetezocho chidulidwe, m'malo mwake n'kuikapo thupi la bambo wa imvi. Munthu wakhala chipangizo cha galimoto, wosankhidwa osati chifukwa cha luso kapena mphamvu, koma chifukwa cha kukula kwa mimba. Ndipo amasankha aganyu, amene akavulala sakhala ndi poyambira kudandaula. Kapitawo uja nayenso ali ndi thupi ndithu, koma sindinamuone akukwera.

Lachisanu ndinabwererako, poti matailosi anga anatsala komweko. Ndinapita ndili ndi kachiyembekezo, ndisaname. Ndinkati mwina ndikapeza tepi yachotsedwa, makina akulira ngati kale, anthu achita manyazi.

Ndinapeza fokolifiti yomweyo ikutsitsa simenti, a Fulansisi ali pachiwongolero, maso ali pansi osafuna kukumana ndi anga. Kumbuyo kunali anthu anayi.

Kapitawo anandizindikira n'kubwera akumwetulira. "Bwana, za tsiku lija pepani kwambiri, munataya taimu. Koma tinakhala pansi, tinaikambirana nkhaniyo. Tinapeza kuti atatu amachepa."

Ndinangotenga matailosi anga n'kuchoka, chifukwa mawu amene anabwera pakamwa panga sakanalembeka m'nyuzipepala.

Kuchokera kumeneko ndinapita kuchipatala. Madokotala akuti mwendo sadula, awaika zitsulo, koma zonyamula katundu aiwale. Che Yusufu anazimva, ndipo ankangoyang'ana kudenga, akazi awo atakhala pansi pambali pa bedi. Nditawauza kuti ndikuchokera ku shedi kuja, anatembenuka pang'onopang'ono.

"Anzanga aja ali bwanji? Basi tsopano asiya kuwakweza, eti? Poti aona zimene zandichitikira ine."

Bambo ameneyu wataya ntchito ya moyo wake wonse, ndipo chimene chikumutonthoza n'choti mwina mwendo wake wapulumutsa anzake. Ndinangoti, "Pumani kaye, Che Yusufu," n'kuwakonzera bulangete.

Inu mukanawauza chiyani?