Ufa mu Redieta ya Ndege ya Bambo

Mundikhululukire polimba mtima kulemba nkhaniyi. Sukulu ndinalekezera kumudzi konkuno, ndipo za mainjini ndimadziwa zochepa zokha zimene ndinaona ndi maso. Koma anthu amakumbukira bambo anga ngati munthu amene anakanika kuulutsa ndege yake, pamene amene anaipha ndine.

Bambo anagwira ntchito m'galaja ku Joni zaka zambiri. Anzawo pobwerera kwathu ku Biriwiri ankabwera ndi mawailesi ndi njinga, koma iwo anabwera ndi injini ya galimoto yakale. Inalibe mapisitoni, mkati mwake munkazungulira chitsulo cha makona atatu. Ankati ndi yopepuka, yoyenera ndege. Thupi la ndegeyo analipanga ndi mapaipi ndi malata, matayala anali a wilibala, ndipo chopukusa mphepo cha kutsogolo anachisema okha ku mlombwa. Anthu opita ku madimba a kabichi ankaima n'kufunsa kuti, "Apailoti, ya ku Lilongwe inyamuka nthawi yanji?" Bambo ankayankha kuti matikiti atha, abwere mawa.

Vuto linali pampu ya madzi. Inkadontha pansi pake, madzi n'kuchepa, injini n'kutentha. Ndegeyo ankaimangirira ku mtengo wa pichesi n'kuiliza, ndipo poti analibe wotchi, nthawi ankaiyeza popemphera kolona. Anadziikira lamulo lakuti injini ikadzalira kolona yonse madzi osawira, adzaiyesa pa bwalo la mpira. Masiku onse ankaizimitsa asanafike pakati. Anasintha lamba, anadula labala watsopano ku chubu cha tayala, pampu anaimasula n'kuimanganso kangapo. Injini yoteroyo inalibe inzake m'boma lonse la Ntcheu. Tonse tinkadziwa kuti ikafa, ndege yathera pomwepo.

Ine ndinali wothira madzi mu redieta. Tsiku lina ndikugulitsa mbatatesi pokwerera minibasi ku Boma, ndinamva dalaivala akuuza kondakitala wake kuti redieta ikamadontha amangothiramo ufa dzanja limodzi, bowo n'kutsekeka. Ndinachita manyazi kufunsa ngati zimenezi zimatheka pa injini iliyonse. Bambo sindinawauzenso. Ndinkafuna kuti ayambe afika kumapeto kwa kolona, ndiye ndiulule kuti nzeruyo inali yanga. M'mawa mwake ndinathiramo mgaiwa manja atatu, poganiza kuti wochuluka ugwira bwino.

Madzi sanadonthedi. Bambo anasuzumira pansi pa pampu, anandiyang'ana n'kumwetulira, napitiriza kupemphera. Poti dontho silinkaoneka, sanaizimitse pamene ankazimitsira. Atadutsa pakati pa kolona kulira kwa injini kunasintha, kunatuluka utsi woyera, ndipo inazima yokha.

Itazizira anamasula pampu. Mkati munali zinthu zolimba zotuwa, zomatirira pa timapiko tokankha madzi mpaka m'mapaipi. Anatapa ndi chala, ananunkhiza, napukutira ku ovolosi. Anthu anali atadzaza kale pakhomo.

"Bwanji apailoti, tatera kale?" anafunsa mnansi wathu wina.

"Ndi guluu amene ndinamatira labala," anatero bambo. "Ndinachulutsa. Maso anga akutha."

Ndinali nditaima pomwepo ndi chidebe. 

Kutentha kuja kunapotoza zitsulo za mkati, moti madzi ankalowa moyakira moto. Bambo anayesa kukonza injiniyo kwa miyezi iwiri, kenaka analeka. Zimene zinkandiwawa n'zakuti anthu anasiya kubweretsa njinga zamoto ndi mapampu a m'dimba kuti bambo akonze. Ankati mkuluyo wanena yekha kuti saonanso bwino. Madzulo ankangokhala pa khonde, manja ali pa mawondo, oyera opanda girizi.

Mvula ili mkati, tikubandira chimanga awiri, ndinalankhula ndili wowerama.

"Bambo, mu redieta muja ndinathiramo mgaiwa. Ndinamva kwa a minibasi."

Sanaleke kulima. "Iwe, ukuganiza kuti phala sindilidziwa?"

"Nanga munaneneranji kuti ndi guluu?"

"Ine anazolowera kale kundiseka. Iwe akanakupatsa dzina loti ukanakalamba nalo." Anamenya khasu kawiri katatu. "Manja angati?"

"Atatu."

"Ngakhale minibasi ikanafa," anatero. Ndinkayesa aseka, koma sanaseke. "Ukanandifunsa, mwanawe."

Ndinawapempha kuti ndikauze anthu zoona, kuti mwina ayambenso kubweretsa ntchito. Anandiletsa, ndipo ndinamvera mpaka atamwalira.

Sabata yotsatira anandituma kukabwereka sowo yodulira zitsulo. Mapiko tinafolera khola la mbuzi, matayala anabwerera ku wilibala, injini tinaikankhira kuseri kwa nkhokwe n'kuifunditsa thumba. Paipi yomaliza tinaidula titachoka ku Misa ku Nzama, Lachitatu la Phulusa la chaka chimenecho.