Kamwala Kamene Ndinakaphimba ndi Chitenje

Ndikukumbukira tsiku limene ndinawadya atate pa nsolo. Zaka zonsezi sindinkaliganizira. Chandikumbutsa ndi foni ya mdzukulu wanga Misozi, amene akaweruka kusukulu amakhala pakhonde n'kumaonera anthu akusewera chesi. Ine chesi sindiidziwa, ndimangoona tiakavalo tikudumpha. Koma Misozi anandifotokozera kuti m'mavidiyomo amatenga katswiri n'kumukhazika ndi munthu wongoyamba kumene. Nthawi zina katswiriyo amachotsa dala kachidutswa kake kamphamvu kuti mnzakeyo apumeko.

"Ambuya, onani uyu, adyewa manje manje!" amatero Misozi, akuseka wofookayo. Ine ndimayang'ana dzanja la katswiriyo.

Ndinali ndi zaka khumi, kapena kuposerapo, pakuti kwathu sitinkawerenga. Tinkakhala chakufupi ndi Kasisi, kumene atate anabwera kudzalima kuchokera kummawa. Amayi atamwalira, munda unalowa thengo, ng'ombe zathu ziwiri zinafa ndi matenda. Chimene chinawatsalira atate chinali nsolo basi. Maenje ake anakumba okha pansi pa mtengo wa mango, mizere inayi, ndipo panalibe mwamuna m'dera lonselo amene anawadyapo. Anthu ankangoti a Phiri a nsolo.

Nsolo sunali wa atsikana. Koma maliro atatha anzawo anayamba kutalikira, ndiye tsiku lina anandiitana ndikutsuka mbale. "Nelia, siya izo. Nkhala apa."

Ankayamba achotsa miyala m'maenje awo anayi n'kuiunjika pambali, kuti ine ndikhale ndi yambiri. Ankandidyabe. Sanandilekerepo ngakhale kamodzi. Ndikayamba kusisima ankati, "Osalira. Yang'ana dzanja langa, osati nkhope."

Ndiye ndinkayang'ana dzanja, zaka ziwiri zathunthu. N'chifukwa chake ndine ndinayamba kuona. Zala zawo zinayamba kupapasa m'mphepete mwa dzenje lililonse zisanagwetse mwala. M'maso mwawo munayamba kuyera ngati madzi otsukira chikho cha mkaka. Iwo sananene, inenso sindinanene.

Lamlungu lina azibambo akuchokera ku Misa anatipeza tikusewera, naima motizungulira. Tsikulo atate sanachotse miyala, poti anthu ankaona. Akugawa miyala yawo, kamwala kamodzi kanaphonya dzenje. Kanagwera pa dothi lofewa, osamveka, n'kugubuduzikira pafupi ndi bondo langa. Palibe anakaona koma ine. Chala chimodzi chikanakwana kukabwezera m'dzenje mwake. Ndikanathanso kungoti, atate, mwagwetsa.

Ine ndinakoka chitenje changa n'kukaphimba.

Atate ankasunga miyala yonse m'mutu. M'dzenje limenelo ankadziwa kuti muli itatu. Nthawi yawo itafikanso anatola, napeza iwiri. Dzanja linaima m'malere. Koma pa nsolo chimene wagwira wagwira. Anagawa, mwala womaliza unagwera m'dzenje lopanda kanthu, nagona pomwepo, mpata wawo n'kutha. Ine ndinalowa m'mizere yawo ngati mbuzi m'dimba. Ndinadya, ndinadya, mpaka mbali yawo inatsala dothi lokhalokha.

Azibambo aja anaseka mpaka kugwirana mapewa. "Phiri, wadyewa na kamwana kakazi! Mawa uzavala chitenje!"

Atate anasasa fumbi pa thalauza. "Wachita bwino, mama," anatero, nalowa m'nyumba akukhudza khoma.

Ndinakhala pomwepo kudikira chimwemwe. Zaka ziwiri ndinkalota tsiku limeneli. Sichinabwere. Chisoninso sichinabwere. Ndinangomva ngati mwendo ukachita dzanzi, umautsina koma osamva kanthu. Ndinatenga ndowa n'kupita kukatunga madzi.

Sanasewerenso. Mvula inakwirira maenje aja, nkhuku zinayamba kusambamo fumbi. Maso anatheratu chaka chotsatira, ndipo ndinkawatsogolera ku tchalitchi ndi ndodo, ine kutsogolo iwo kumbuyo. Tinkakamba za chimanga, za mvula, za anthu odwala. Za kamwala kaja sitinakambepo. Ngati ankadziwa kumene kanapita, anapita nazo kumanda.

Pano ndikaona katswiri wa m'foni uja akuchotsa kachidutswa kake, ndimazindikira chimene atate ankachita. Munthu wamphamvu akakhala pansi ndi wofooka, amamuonetsa dzanja lake lonse, ndi pomwe lidzayambire kunjenjemera pomwe. Amatero pomukhulupirira. Ine ndinaphunzira dzanjalo bwinobwino, koma sindinadziwe kuti tsiku lina wofooka adzakhala iwo, ndipo wochotsa miyala ndiyenera kudzakhala ine.

Mwezi watha Misozi anakumba maenje kuseri kwa khitchini, akuti ndimuphunzitse nsolo. Ndimachotsa miyala m'maenje anayi, ndipo ndimamudyabe. Koma maso anga nawo ayamba kuyera, zala zayamba kupapasa. Dzulo ndinamuuza ndisanagawe.

"Iwe Misozi, nikagwetsa mwala pambali, uniuze."

"Nanga nizabisa chifukwa chani, ambuya?"

Ndinangotola miyala yanga n'kuyamba kugawa.